Chiuno cha Basko

Pepala la mtundu wake ndi lalitali ngati nsalu ya patebulo:
makolo onse opambana pa mipikisano,
chidindo chofiira m'munsi,
ndi saini yanu, Mayi Wiebke,
yopendekeka ngati munkathamangira basi.

Ndinakupatsani mayuro zikwi ziwiri.
Munandipatsa kagalu konunkhira mkaka ndi utuchi.

Pano ali ndi miyezi khumi ndi inayi.
Podzuka amayamba ndi miyendo yakutsogolo,
yakumbuyo imabwera mochedwa, monyinyirika.
Masitepe a nyumba yathu alipo makumi atatu.
Ndimachita kumunyamula, ine wa msana wothawothawu.

Dokotala Haberkorn anapachika chithunzi cha mafupa pa nyali
n'kuloza ndi cholembera:
mutu wa fupa sukulowa m'mphako mwake,
ukungogogoda pakhomo.

Inu mwalemba kuti ndinkamudyetsa mopitirira,
kuti ndinamuthamangitsa pa ayezi akadali wanthete.
Loya wanu akuti ndime yachisanu ya pangano
ikundilola kumubweza, mundipatse wina.

Wina!
Ngati ketulo yodontha.

Galuyu amadziwa kulira kwa makiyi anga ndikadali pamsewu.
Amagona pa juzi ya malemu Hannelore,
ndipo sindinamuphunzitse zimenezo.

Lachinayi tikakumana kukhoti ku Husum.
Ndikufuna ndalama za opaleshoni basi,
komanso mayi wake asaberekenso.

Iye za Lachinayi sakuzidziwa.
Dzulo mutaimba foni, mukukalipa,
anamva mawu anu ali chigonere,
mchira n'kumenya pansi kawiri.