Wandiluma

Fungo ndi limene linayamba kulowa,
kenaka mayi, kenaka mwana kumsana,
nkhope yake itaphimbidwa ndi nsonga ya chitenje
ngati mkaka wobisira ntchentche.

Achokera ku Santhe, ku esiteti ya fodya.
Ananyamuka tambala woyamba, pa kabaza wangongole.
Dzina? Lekeleni. Zaka zinayi,
koma sikelo ikuti ziwiri.

Ndinati yasamula, mphwanga.
Anangondiyang'ana,
dovu lofiirira likuyenderera pachibwano.
Magetsi anali atathima chim'mawa,
ndiye tochi ya foni, ndi kathabwa,
kukankha pang'onopang'ono
monga tichitira ndi chitseko cha nyumba ya siwa.

Usinini wotuwa ngati phulusa lonyowa,
pakati pa mano utadyeka,
kungoukhudza, magazi.
Mano awiri akugwedera.
Tsaya lakumanzere lotupa, gwa! ngati bango losapsa,
ndipo m'kati mwake kadontho kakuda
kosaposa njere ya mapira.

Kadontho kameneko ndimakadziwa.
Chaka chatha kanabwera ndi mtsikana wa ku Chamama
katakula kale, tsaya litabooka,
mano akuonekera kunja iye atatseka pakamwa.

Anadwalapo chikuku? Eya, mu Febuluwale,
muja abwana anachepetsa phoso.
Mwapaka chiyani? Mayi anazolika.
Makala osinja, ndi mphini ziwiri m'khosi,
anzathu amati wadya za eni.
Sindinakalipe. Nyumba ikamapsa
munthu amatunga madzi ali pafupi.

Ndinatsuka. Madzi ofunda a mchere, thonje,
kuchotsa mnofu wakufa,
iye akulira kulira kopanda mawu.
Namwino Nachisale anaupeza mtsempha kachitatu.
Fulajilu mu diripu, jakisoni pa maola ake,
magazi apite akayezedwe,
mkaka wa ku wodi ya onyentchera pa kasupuni,
poti chilonda sichipola m'thupi lopanda kanthu.
Mayi ndinawaonetsa kukulunga chala ndi kansalu koyera:
muzipukuta kanayi pa tsiku, ngakhale alire.

Tsiku lachitatu fungo linayamba kuzilala.
Kadontho ndinkakasuzumira m'mawa uliwonse
ngati mlimi woopa matalala,
koma sikanadumphe malire ake.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, ndikuyendera wodi,
ndinapisa chala kuti ndimve usinini.
Lekeleni anandiluma.
Osati zocheza. Ndi mano onse otsalawo.
Mayi anadzambatuka, pepani adokotala, pepani,
ine ndikuseka, chala m'mwamba,
kuonetsa wodi yonse timaenje pa gulovu.

Mawa atuluka.
M'buku ndalemba kuti abwerenso pakatha masabata awiri,
m'thumba ndaika chiponde chowerengeka.
Esiteti ndi yomweyo. Phoso ndi lomwelo.
Mayi apinda chitenje chija n'kumanga m'chiuno,
ndipo mwana wakhala pakhonde, nkhope poyera,
akuwerenga njinga zodutsa pamsewu.