Chikwama cha Pansi pa Bedi

Anamwino a kusikelo kuno ku Rosettenville
anandipatsa kapepala, chala chili pa kalendala:
mwezi wachisanu ndi chinayi usanayambe,
chikwama chikhale pakhomo.
Ndinavomera m'chinenero chawo,
kapepalako n'kukapinda kanayi
n'kukatsindira ndi chitini cha shuga.

Achemwali a Esinati pafoni, kuchokera ku Bilila:
Iwe, mlendo asanaodire suyala mphasa.
Usagule ngakhale kasokosi, wamva?
Mawu amadukaduka, netiweki ya kumudzi,
koma ndinamva zonse,
ngakhale zimene sananene.

Zimene sananene ndi za chaka chija.
Ndinalongedza msanga, nyimbo ili pakamwa,
timalaya tachikasu nditatisita
ngati mwanayo akukafunsira ntchito ku Sandton.
Chikwama chinapita chodzaza.
Chinabwera chodzaza.
Lifiti inali itafa,
Lufeyo anakwera nacho nsanjika zisanu,
iye amene amanyamula simenti akuimba mluzu,
ndipo anapumira kawiri.

Chikadali chomwecho, chamizeremizere,
chimene ndinawoloka nacho pa Mwanza,
pa Nyamapanda, pa Beitbridge,
zipi yake yolumidwa ndi msilikali wina wosapirira.
Chili pansi pa bedi, chikundimvetsera ndikamagona.

Koma tamvani achemwali, Joni si Bilila.
Kuno kulibe wokuwa kuti amayi thamangani,
kulibe njinga ya aphunzitsi yobwereka.
Lufeyo amalondera magalimoto a eni ku City Deep
mpaka tambala, kukanakhala tambala.
Nsupa ikasweka thuu koloko usiku,
magetsi atathima, Juni akuluma zala,
ndidzafufuza thewera ndi tochi ya foni?
Wa takisi sadikira munthu wogwada.

Ndiye ndayamba kuba m'nyumba mwanga momwe.
Chinthu chimodzi pa tsiku,
ndipo chilichonse ndimachinamizira dzina.
Chitenje cha nkhanga chija: n'chofunda ine.
Sopo: ndani sasamba?
Mafuta: milomo yanga yang'ambika ndi chisanu.
Matewera ndinagula Lachitatu kwa Msomali wa pakona,
ndinati ndi a mwana wa neba,
iye sanafunse, anangoyang'ana mimba n'kundibwezera chenji.

Mapepala ndiwo analowa poyamba, m'kajumbo:
pasipoti, chilolezo chimene chitha mu Sepitembala,
khadi la sikelo lopindika m'makona.
Amenewo sindinawanamizire.
Ndimaopa kuti pawindo paja
adzayamba kufunsa kumene ndinabadwira
asanafunse pamene pakupweteka.

Kwathu amati ndili ndi pakati.
Kale ndinkaona ngati ndi ulemu chabe,
mawu ozungulira kuti ana asamve.
Lero ndikudziwa pakati pake:
uku kapepala ka anamwino, uku mawu a achemwali,
uku wachira, uku pepani,
ine chilili ngati munthu pamzere woyera wa msewu wa Main,
magalimoto mbali zonse.

Dzulo MaDlamini wa chipinda choyandikana
anandikankhira kachipewa pansi pa chitseko,
koluka yekha, kobiriwira ngati nsabwe za pamasamba,
kokwana chibakera changa.
Kameneka ndakasowera bodza.
Ndakatembenuza usiku wonse.
Si ka poto, si ka chidole, si ka mwana wa neba.

M'mawa uno Lufeyo walowa maso ali psuu,
wandipeza nditakhala pansi, chikwama chili pamiyendo.
Sananene kanthu. Wavula nsapato,
watenga kandulo n'kupaka m'mano a zipi
kuti tsikulo isadzavute.

Kachipewa ndakaika m'thumba la jekete langa,
osati m'chikwama.
Achemwali akafunsa ndidzati sindinalongedze.
Anamwino akafunsa ndidzati ndatha.

Ndipo iwe uli m'katimu,
amene sindinakutchule ngakhale kamodzi m'mawu onsewa,
wandimenya chidendene pansi pa nthiti.
Ndamva.
Zipi ndaisiya theka.