Siginecha ya Baba

Baba anakonza ndege za asilikali zaka makumi awiri ndi zitatu,
koma fomu ya ku Lilongwe siwadziwa.
Siwanyoza ayi.
Imangoti: bweretsani umboni.

Umboni uli m'zikhadabo zawo,
momwe girizi anakana kuchoka ngakhale pa tsiku la Idi.
Uli pa chala chapakati chopindikacho,
chimene chitseko cha injini chinaluma ku Zomba
ine ndisanamere mano.

Masiku ano amakhala patsinde pa nimu, kuseri kwa msika wa pa boma,
kumasula njinga zamoto za anyamata a kabaza.
Anyamatawo amawatcha Che Ndege, akuseka,
osadziwa kuti manja akukunga tcheni chawocho
anamangapo mapiko.

Usiku ndimayala mabuku pamkeka.
Ine, mphunzitsi wa sitandade faifi kwa Mpondasi,
kuphunzitsa munthu amene anandigwiritsa sipanala
ndisanagwire choko.
Ndimawerenga funso m'Chingerezi,
iwo amayankha ndisanafike kumapeto,
kenako amakwinya nkhope:
"Mayankho anayi onsewa ndi olakwa.
Wolembayu sanapsepo ndi bawuti yotentha."
Ndimati, Baba, sankhani limene lalakwa pang'ono.

Chimawatopetsa ndi malamulo a ndege za anthu wamba.
Ku usilikali lamulo linali ndi nkhope, ndi ndevu, ndi mawu okalipa.
Kuno lili ndi nambala, kadontho, ndi nambala ina.
Amawaloweza ngati mwana wa ku madarasa,
akugwedera kutsogolo ndi kumbuyo,
mpaka magetsi atazima,
ndipo amapitiriza mumdima.

Buku la maola awo linali m'sutukesi pamwamba pa kabati.
Chiswe chinadyamo zaka zinayi zathunthu,
n'kusiya chikuto chili bwinobwino, ngati ulemu.
Amene akanachitira umboni zaka zimenezo, Waranti Mdoka,
anagona chaka chatha kwawo ku Namwera.
Tinakwera minibasi mpaka ku Liwonde
kukasaka Sajeni Kalilangwe,
amene tsopano amagulitsa feteleza ndi mankhwala a anankafumbwe.
Anasaina masamba makumi atatu pakauntala,
cholembera chikukana, iye akuchipumira mpweya,
akuseka mpaka misozi:
"Twaliki, kale tinkakonza ndege popanda zipangizo.
Lero tikukonza mapepala popanda inki!"
Pobwerera Baba sanalankhule mpaka pa Ulongwe.
Envelopu anaiika mkati mwa malaya, kukhudza khungu.

Loweruka kandege ka alendo kanadutsa pamwamba pa msika,
kulowera kumahotela.
Baba anaimitsa sipanala m'malere, n'kutsinzina.
"Tamvani. Kakutsokomola pang'ono. Pulagi imeneyo."
Mwini njinga anati, "Madala, makasitomala akundithawa."
Iwo anadikira mpaka phokoso litatheratu
ndiye n'kuwerama.

Mayeso ali mwezi wamawa.
Ndalama ya fomu inali mbuzi ziwiri za amayi,
ndipo amayi amakumbutsa zimenezi tsiku lililonse pa tiyi.
Nsapato zapolishidwa kale, zikudikira pansi pa bedi.
Mwina adzakhoza. Mwina malamulo aja adzawagwetsa.
Mwinanso adzakhoza, ntchito n'kusowa,
poti ndege m'dziko muno n'zowerengeka pa zala.
Zimenezi sitizitchula.

Dzulo ndinawapeza okha pakhonde,
magalasi ali pamphuno,
akuyeserera siginecha kuseri kwa lisiti la madzi.
Kasanu, kasanu ndi kamodzi, pang'onopang'ono,
ngati mwana wa m'kalasi mwanga.
Ndinati, Baba, dzina lanu mwaliiwala kodi?

Sanadzutse mutu.
"Dzina ili likakhala pansi pa tsamba,
anthu osandidziwa amakwera, namanga malamba,
ena n'kugona tulo.
Liyenera kuwerengeka."