Apilo Siimitsa Mwezi

Kalaliki wa kukhoti sanadzutse n'komwe mutu.
Anadinda pepala langa, nati,
"A Zgambo, apilo yanu yalowa.
Koma mumvetse: apilo siimitsa mwezi.
Pa wani paliponse lendi izipita.
Mukaphonya kamodzi, mwadzitsekera nokha."

Ndinaika mawuwo m'thumba
momwe munali ya minibasi yokha,
ndipo ndinabwerera wapansi mpaka ku Kalingalinga.

Ntchito yanga ndi kuwotcherera.
Mageti, mafelemu, zitseko zachitsulo.
Ku Kabulonga alipo ambiri ogona tulo tofa nato
chifukwa cha manja awa.
Changa chitseko ndi chathabwa, chofumbwa m'munsi,
komanso si changa.

Mayi Khondowe akufuna zipinda zawo ziwiri.
Amva kuti ana a ku yunivesite
salipira pachipinda, amalipira pabedi.
Anayi muno, anayi umo,
masamu ake ngakhale mwana awatha.
Ine ndakhala pano zaka zisanu ndi zinayi.
Tisauke anabadwira pangodya apo, mvula ili pakati,
mchombo wake tinakwirira kuseri kwa mpope.
Khoti loyamba lija za mchombo silinafunse.

Magetsi amachoka tambala asanalire,
amabwera anthu atagona.
Ndiye ndimadzuka usiku ngati mfiti,
kuthwanimitsa moto pabwalo
aneba akutukwana m'mabulangete.
Wa Juni ndinalipira ndi geti la munthu wa ku Chelstone.
Wa Julaye ndinagulitsa chopalira zitsulo,
tsopano ndimabwereka kwa Mweetwa, pa ola pa ola.

Tsiku loyamba ndinapita nazo pamanja.
Mayi Khondowe anabisa manja m'chitenje.
"Ndalama zanu sindikuzifuna. Makiyi."
Ndinaudziwa msamphawo:
akane lero, mawa akalumbire kuti sindilipira.
Choncho ndimapita pa kabokosi kachikasu ka pamsewu,
mtsikana wa pamenepo amatumiza pa foni yawo,
kenako amandilembera m'kope tsiku, nambala, ndalama.
Foni ya mayiwo imalira kuseri kwa khoma,
ndimaimva ndili kwanga.
Sanabwezepo ngakhale ngwee.

Enelesi amafunsa tikazimitsa kandulo:
"Munthu akukuthamangitsa, iwe n'kumamudyetsa?
Bwanji osasunga, tikapeze kwina ku Mtendere?
Kumeneko akufuna miyezi itatu pakamodzi."
Sindimuyankha msanga.
Ndalama ndi imodzi, makomo ndi awiri,
ndipo mapanga awiri avumbwitsa.
Ndikaleka kulipira, mlandu wafa ndisanalankhule.
Ndikalipira n'kugonja,
tidzatuluka ndi mapoto ndi kope lodzaza manambala.

Mu Ogasiti ndinavala jekete la ukwati.
Anati woweruza ali kumaliro.
Mu Seputembala anati failo sikuoneka,
mubwere pakatha masabata asanu ndi limodzi.
Mlandu umadwala, umapita kutchuthi, umasochera m'makabati.
Mwezi wokha ndiye sudwala.
Umafika pa wani, wosamba kale,
n'kukhala pakhonde kudikira.

Dzulo kunabwera mnyamata wa nsapato zoyera,
mphwake wa Mayi Khondowe, tepi ili m'manja.
Sanandizindikire, kapena anachita dala.
Anati akufuna mabedi achitsulo osanjikiza,
anayi, olimba, a ana a sukulu,
miyeso yake nayi.
Ndinayang'ana kapepalako.
Ndimaudziwa utali umenewo,
kuchoka pazenera kufika pomwe Tisauke amagona.

Ndinamuuza mtengo. Sanatsitse.
Anapereka theka pomwepo,
lendi ya Okutobala ndendende
ndi yotsala ya kapenta.

Magetsi abwera teni koloko usiku uno.
Ndadula kale mapaipi.
Enelesi waima pakhomo, sakunena kanthu,
nkhope yake ikuwala ndi kuzima, kuwala ndi kuzima.
Ndikuwotcherera bwinobwino, mfundo iliyonse,
pajatu ntchito yoipa sindiidziwa.
Mawa m'mawa foni idzalira kuseri kwa khoma.