Ikatentha Imakana

M'mawa wa Juni ku Bembeke,
chifunga chili pagalasi, zala zili gwa,
ndimangokhudza kiyi, yalira.
Koma ndikaima pa Lizulu kutsitsa matumba a kachewere,
mphindi khumi zokha,
sitata imangolilima ngati mwana wokana phala,
anyamata a kabichi ayamba kale kutchula mtengo wokankhira.

Ndinagula batire. Ndinasintha mapulagi.
Mlamu wanga anati alipo akundiyenda pansi.

Yotamu sanathamangire sipanala.
Anati tiyeni mpaka pa Biriwiri, itenthe.
Titabwerako anazimitsa, nakhala patayala
kukukuta chimanga chootcha, diso pawotchi.
Kenako anatsegula boneti,
nagwira paipi ya petulo, nachotsa dzanja msanga.

"Taonani pamene yagona, yatsamira ekizozi.
Mukamayenda mphepo imaipepesa.
Mukaima, petulo amawira m'katimu, nasanduka mpweya,
ndipo pampu sidziwa kutunga mpweya.
Kavalavu kakenso katopa,
kakubweza mafuta kuthanki."

Ananyowetsa chiguduli, nakulunga paipi.
Tinadikira. Ndinapotoza kiyi.
Yalira!

Lachiwiri anaisuntha, naimanga patali ndi moto,
naika kavalavu kochokera ku Lilongwe,
kochepa ngati chala cha khanda.

Madzulo ano ndafika pakhomo mutu ukuwira ndi ngongole.
Make Tiyesere wandifunsa za fizi.
Ndatsegula pakamwa: mulibe mawu,
mpweya wokhawokha.
Ndatuluka, ndakhala pabampala,
mphepo ya kuphiri ikulowa m'malaya.
Iye ali pakhomo, sakukankha.
Akudikira ndizizire.