Malita Makumi Anayi

Ine sindibaya jakisoni.
Dzanja langa limadziwa cholembera,
chidindo chouma inki ndi kiyi wa sitolo.
Kaofesi kanga kali kuseri kwa wodi ya amayi, pa Ngabu,
pamene malata amathetheka ndi dzuwa la Okutobala
thukuta n'kudonthera pa lisiti
nambala isanaume.

Mwezi uno atipatsa malita makumi anayi.
Ambulansi ikuwafuna, jenereta ikuwafuna,
filiji ya katemera ikung'ung'udza pakona
ngati mwana womanidwa.
Alufandika, dalaivala wathu, waima pakhomo
chipewa chili m'manja:
kwa Dolo kuli mayi, mwana wagona chopingasa.
Ndamusainira asanu ndi atatu.
Magetsi akathima usiku uno
asisitala Nyakamera adzandiyang'ana,
ine ndidzayang'ana pansi.

Chaka cha madzi aja, msewu utaduka,
ndinasuntha shelefu kuti ndikokolole matope.
Kuseri kwake kunali makatoni atatu
a mankhwala a malungo, osatsegula,
tsiku lake litadutsa kale ndi miyezi iwiri.
Sabata yomweyo kutsidya kwa Shire
bambo wina anauzidwa kuti akagule yekha.
Anathamanga kukagulitsa mbuzi.
Mbuzi inapeza wogula madzulo,
mwana sanadikire.

Ndinakhala pa katoni mpaka kunada.
Palibe anaba, ndicho chinandiwawa.
Akanakhalapo wakuba ndikanamuloza chala
n'kukagona tulo.
Koma tinangoiwala, tonsefe,
aliyense atasaina bwinobwino pamzere wake.

Kuyambira tsikulo, chofika kale chimakhala kutsogolo,
chatsopano chidikire kumbuyo.
Lachisanu ndimaimbira anzanga a kutsidya ndi kumunsi:
chakuchulukirani n'chiyani, chakutherani n'chiyani?
Magolovesi amawoloka pabwato,
madiripi amabwera pakabaza atakulungidwa m'chitenje.
Ambulansi siyendanso ndi kalata yokha,
ikapita imasenza magazi okayeza,
pobwera itengeko mpweya ndi nyemba.
Alufandika anakwiya mwezi wathunthu.
Lero amayamba ndiye kufunsa
ngati pali china chokwera.

Mpopi wa kochapira unadontha zaka zitatu,
tonse tikuudumpha ngati chithaphwi cha eni.
Anaukonza ndi mlonda, a Jofesi,
ndi kamphira ka mtengo wa mandasi awiri.
Bilu ya madzi itatsika
ana a kuwodi anamwa phala la shuga
ndipo palibe anadziwa kuti shugayo wachokera kumpopi.

Akuluakulu amatsika phiri la Thabwa
m'galimoto zozizira m'kati,
amandiuza kuti chepetsani.
Ndichepetse chiyani, bwana?
Mtsuko wathu siwochuluka madzi,
koma ndaona kuti unali ndi ming'alu,
ndipo ming'aluyo ndikumata ndi zala zanga.
Zotsalazo mudzaze ndinu.
Amalemba m'mabuku awo, amapempha madzi akumwa,
amabwerera dzuwa lisanapendeke.

Anthu a kuno ndalama amaiona pa thonje,
kamodzi pachaka, ikadutsa yadutsa.
Ndikataya kwacha imodzi muno
wina akaitola m'khola la mbuzi zake.

Tsopano ndi usiku. Magetsi athimadi.
Udzudzu wadzaza pawindo,
jenereta yatsokomola kawiri n'kugwira.
Ndikumva matayala pachipata,
machira, mapazi othamanga,
kenako chete wautali
amene ndimamuwerenga ndi malita.

Kenako kulira.
Kakang'ono, kaukali, kosadziwa mtengo wa dizilo.

Ndatsegula kaundula pansi pa tochi.
Otuluka: asanu ndi atatu a ambulansi,
anayi a jenereta.
Otsala: makumi awiri ndi asanu ndi atatu,
masiku khumi ndi asanu ndi anayi mwezi usanathe.
Ndayang'ana tsamba lonse, mizere yonse,
palibe malo olembapo kulira kuja.
Ndangoika kadontho m'mphepete,
pafupi ndi timadontho tina
timene owerengera mabuku amayesa litsiro la ntchentche.