Zimene Ndinauza Wapolisi

Mukufunsa kuti zinayamba liti.
Khalani pa tayalapo bwana, mpando uwo ndi wothyoka.
Ine ndimakonza njinga zamoto muno m'Klaten,
za m'mitima sindinaphunzire.

Darmaji anafika pano ali ndi zaka khumi ndi zinayi,
bambo ake atamira ndi boti ku Cilacap,
mayi ake akusita zovala za eni ku Johor,
ndalama kubwera mwezi uno, wamawa zii.
Ankagona pansi pa benchi iyo.
Khutu anali nalo: injini ikangotsokomola
iye wadziwa kale pamene pakudwala.
Akamaseka ankakhala ngati watsamwa tsabola.

Mnzakeyo, Priyambodo, ndinkamuona mwa apo ndi apo.
Mwana wa mwini famase, wa nsapato zoyera,
digiri ili m'galasi pakhoma,
makalata makumi anayi ofunsira ntchito, yankho limodzi, lokana.
Ndiye musalembe kuti ndi umphawi.
Ameneyo sanagonepo ndi njala.
Musalembenso kuti ndi mzikiti wathu.
Uko anasiya kupitako onse awiri,
ati mapemphero athu ndi ozizira ngati tiyi wadzulo.

Lembani za miyezi isanu ndi itatu ya kundende
Darmaji atagwidwa ndi batire la eni.
Ine sindinapite kukamuona. Lembani zimenezo.
Ndinali ndi makasitomala. Ndinali ndi manyazi.
Amene ankapita ndi wina,
bambo wolankhula motsitsa, wogulitsa uchi,
Lachinayi lililonse, osaphonya:
mpunga wokulunga m'tsamba la nthochi, sopo,
ndi liwu limene ine sindinamuitanepo nalo: m'bale wanga.
Mwanapiye wonyowa sasankha phiko.

Atatuluka anabwerera pa ntchito.
Manja anali omwe aja, koma wailesi ankaizimitsa.
Usiku foni inkamuwalira kumaso,
ana okwiririka m'zigumu za nyumba
m'maiko amene sakanatha kuwaloza pa mapu.
Ankalira, bwana. Misozi yeniyeni.
N'chimene chimandisowetsa tulo:
anamulowera pa khomo la chifundo chake,
atalowa n'kukhoma.

Kenako dziko linayamba kumuchepera.
Anasiya kupereka moni kwa Mayi Yustina a msuzi,
Mkhristu amene anamudyetsa pa ngongole zaka zitatu.
Priyambodo ankamudikira pa ngodya, injini ikulira,
ulendo wa kunyumba ya lendi kuseri kwa minda ya nzimbe,
kumene anthu asanu ndi mmodzi pa mkeka umodzi
ankagawa anthu onse a pansi pano m'milu iwiri.

Ndinati ndi ubwana, zidzatha.
Ndinati bola wasiya kuba.

Tsiku lina anandipempha timipira tachitsulo
ta mabeyaring'i akutha, ta m'chitini icho.
Ndinati tenga, n'zinyalala.
Sindinadzutse n'komwe mutu.
Ndinali kumanga unyolo wa njinga ya mphunzitsi.

Zotsalazo mukuzidziwa kuposa ine.
Lachiwiri m'mawa, pa depoti ya basi.
Anthu asanu ndi anayi.
Wodula matikiti. Mayi wonyamula dengu la mazira.
Mtsikana wa yunifolomu amene nyuzi inati ankakonda masamu.
Dokotala akuti anatulutsa m'matupi mwao timipira tija.
Ndinatidziwa pa chithunzi. Tinali ndi girizi wa muno.

Usiku wa Lolemba anatsuka zipangizo zonse,
sipanala iliyonse pa msomali wake,
ngakhale ya thwelofu imene inasowa chaka chatha.
Sindinazikhudze.

Mayi ake aimba katatu kuchokera ku Johor.
Akufunsa funso lanu lomwelo.
Mayi Yustina abweretsabe msuzi m'mawa uno,
auika apo, osanena kanthu.
Wazizira.

Mwatseka kope?
Simunalembe za Lachinayi lija.